Mjomba wa Loya Waulere

Mposa, Machinga
9 Juni 2024

Zulfa, mwana wa mlongo wanga,

Asalaamu aleikum. Kuno tadzuka, Alhamdulillah, kupatula bondo langa lamanzere, lija limadziwa mvula isanabwere, tsopano layamba kudziwanso chisanu. Mpunga tamweta, tili pa kupuntha. Kaya iwe ku Balakako ndi fumbi lanu la kusiteshoni.

Akulemba ndi mayi ako, a Maryam, ine ndikungoyankhula monga mwa nthawi zonse. Ukaona pena pafupika dziwa kuti adula ndi iwo, akuti ndimazungulira. Kalatayi ndapatsira Dailesi wogulitsa mpunga uja, amene amabwera kumsika kwanuko Lachiwiri lililonse. Za pafoni usandiuze. Nkhani ya pafoni ilibe mboni, imathera m'khutu la munthu mmodzi. Ndiponso foni ya mayi ako inagwera m'madzi kudambo, pano ikungoyaka nyali basi.

Tsopano nkhani. Tinamva kuti sukulu yanu ya malamulo ku Zomba mwatsekera miyezi itatu, ndipo tinasesa m'chipinda mwako. Tikudikira, tikudikira, Dailesi ndiye akutiuza kuti wakuona ku Balaka, mu ofesi ina kuseri kwa siteshoni, uli patebulo, anthu ali pamzere mpaka pakhonde. Ndinati mwana wapeza ntchito asanamalize n'komwe. Lachisanu ndinakauza anthu kumzikiti, ndipo ndinawauza bwino, iwe ukundidziwa. Pobwera kumeneko mayi ako ndiye akuti ntchitoyo ndi yaulere. Ndinafunsa kuti yaulere kwa ndani? Akuti kwa onse, wobwera ndi mlandu salipira, iwenso sulandira.

Zulfa, ine sukulu sindinaiponde, koma milandu ndayankhula zaka makumi anayi pansi pa mitengo ya kuno. Maukwati ndamanga, ena ndamasula. Sindinabwerepo kunyumba manja ali lende. Ngakhale wosauka weniweni amakupatsa mazira awiri kuti mawu ako alemere. Iwe zaka zitatu kuyunivesite, mabuku ngati njerwa, ndipo nzeru ukugawa ngati madzi a pamjigo. Komatu ngakhale pamjigo pali komiti.

Mustafa wa a Imran, amene muli naye kalasi imodzi, akuti ali ku Blantyre mu ofesi ya maloya akuluakulu, amavala jekete, amakwera galimoto ya abwana. Iwe unalakwanji? Ngati unalephera mayeso tiuze, sitikumenya. Ngati kuli mwamuna ku Balakako tiuzenso. Ndine mwini mbumba, ndiyenera kumva kwa iwe ndisanamve kwa Dailesi.

Uyankhe Lachiwiri lomwelo, asananyamuke.

Ndine mjomba wako,
Mahmudu


Balaka
11 Juni 2024

Amjomba,

Wa aleikum salaam. Ndakondwa kumva kuti nonse mwadzuka. Bondolo muzilifunda, ndipo kupunthako muwasiyire ena. Ine ndili bwino, ndikugona kwa Ethel, mnzanga wa kusekondale uja.

Ndikulemba mothamanga chifukwa Dailesi waima pakhomo. Mayeso sindinalephere. Mwamunanso palibe, ndikanampeza nthawi yanji?

Ofesi ino imathandiza anthu a ku Balaka ndi ku Machinga amene ali ndi milandu koma sangathe kulipira loya. Mkulu wake ndi Mayi Chimwaza, loya wa zaka zambiri. Chaka chilichonse amatenga ophunzira anayi, ndipo timapempha tokha, satikakamiza. Mustafa timalemberana. Jeketeyo n'zoona amavala, koma ntchito yake ndi kunyamula chikwama cha abwana ndi kuima pa makina ojambula mapepala. Khoti analiona kamodzi, ali pawindo la galimoto.

Ine sabata yathayi ndatulutsa munthu m'ndende. Dzina lake Elliam, wa kabaza kuno, koma kwawo ndi kwanuko, kutsidya kwa mtsinje. Anamunamizira kuti anathawa ndi katundu wa kasitomala, ndipo anakhala miyezi isanu osazengedwa mlandu chifukwa fayilo yake inasowa. Ndinaisaka masiku atatu m'chipinda chosungiramo mipando yothyoka, n'kuipeza itanyowa ngodya imodzi. Pempho lopita kukhoti ndinalemba ndine, Mayi Chimwaza anangokonza mizere iwiri n'kukaliyankhulira. Zimenezi m'kalasi satiphunzitsa, amjomba.

Kumapeto kwa Ogasiti Mayi Chimwaza amalembera wophunzira aliyense kalata yonena mmene wagwirira ntchito. Maofesi a maloya m'tauni amaikhulupirira kalata imeneyo kuposa malikisi athu, chifukwa mayiwa salemba zabwino zimene sanazione. Mwana wa kwa Mposa, wopanda wachibale mu ofesi iliyonse, alibe khomo lina lolowera. Kalata imeneyo ndiyo ndikuigwirira ntchito. Tinasainanso pepala kuti sitidzalandira kanthu kwa munthu amene tikumuthandiza, ngakhale nthochi. Wopezeka atalandira amachotsedwa, ndipo amakamunenera kuyunivesite.

Ngati zikukuvutanibe, muzingoziona ngati sadaka yopereka kwa osauka.

Mwana wanu,
Zulfa


Balaka
25 Juni 2024

Amjomba,

Asalaamu aleikum. Muli bwanji nonse kumeneko? Sabata yatha Dailesi anandipatsa thumba la mpunga, kalata palibe. Leronso palibe. Akuti munangonena kuti, "Kampatse loya wathu." Dzana lomweli ndinali mjigo wopanda komiti, lero ndine loya wanu. Chachitika n'chiyani? Ngati ndi kalata yanga yakufewetsani mtima, ndiye kuti ntchito ndayamba kuidziwa.

Mpungawo ndi wonunkhira kwambiri, sindikanatha kuubisa. Lachisanu tinaphika ku ofesi ndi nyemba. Mayi Chimwaza, amene masana amangomwa tiyi, anawonjezera kawiri, ndipo akuti ndikuthokozereni.

Tandilemberani. Chete wanu akundiopsa kuposa kukalipa kwanu.

Zulfa


Mposa
30 Juni 2024

Zulfa, loya wathu,

Wa aleikum salaam. Tili bwino, bondo lachepako. Kalata sindinalembe chifukwa mayi ako anakana kugwira cholembera, akuti zimene ndikuchita sizikuwasangalatsa. Lero ndawanyengerera.

Poyamba za sadaka. Sadaka amapereka munthu amene ali nazo, osati mwana wogona pa mphasa ya mnzake. Koma zisiye zimenezo. Ntchito yako ndayamba kuimvetsa, ndipo ndikuona kuti amene anaiyambitsa sanali wopusa.

Tamvera. Patangopita masiku awiri chilandirireni kalata yako yoyamba, ndili pakhonde ndikuluka mkeka, ndikuona mayi wina akubwera, thumba pamutu, tambala m'khwapa, kumbuyo kwake bambo wowonda ngati bango. Anagwada patali. Ndinati kodi kwagwa zovuta? Akuti iyayi, ndine mayi wa Elliam, ndafunsa njira midzi itatu kusaka mwini mbumba wa mtsikana amene anatulutsa mwana wanga. Ndinati mwafika, ndine amene. Analira, Zulfa. Elliam anandionetsa zipsera za mphere m'mikono monse. Inenso misozi inafika pafupi, koma ndinaibweza chifukwa panali anthu.

Mayiyo ndi woleredwa bwino. Akudziwa kuti mwana akachita chabwino sumuthokoza iyeyo, ungamuwononge mutu. Umapita kwa mjomba wake. Mpunga uja ndi umenewo, ndinagawa pakati, theka n'kukutumizira. Tambala ali pano, akulira bwino kuposa wathu.

Ndikudziwa chimene unene, za pepala lija. Mayi ako andiwerengera kalata yako katatu, ndipo ndamvetsera liwu ndi liwu. Unati "tinasaina". Amene anasaina ndi iwe ndi anzako. Dzina la Mahmudu pa pepalalo lilipo? Chala changa chinadindapo? Mpunga umene unadyawo unalandira kwa mjomba wako, osati kwa Elliam. Ndiponso mayiyo anabwera mlandu utatha, mwana ali panja. Kubweza mphatso ya munthu wogwada ine sindingathe, kumeneko n'kumutukwana.

Mbiri yamveka. Lachisanu anthu anandizungulira kumzikiti, wina mwana wake ali m'chitokosi, wina anamuchotsa ntchito kuesiteti chimanjamanja. Onse ndawalozera njira ya kuseri kwa siteshoni. Awiri abwerako kale okondwa, ndipo nawonso ndi oleredwa bwino. Khola la nkhuku ndikulikuza.

Limbikira, usamachedwe ku ntchito.

Mjomba wako,
Mahmudu

Ine mayi ako ndikuwonjezera pansi pano iwo atatuluka. Ndinawauza kuti akufunse kaye. Anati mjomba sapempha chilolezo kwa mwana.


Balaka
2 Julayi 2024

Amjomba,

Moni ndikupereka, koma mtima suli m'malo. Kalata yanu ndinayamba kuiwerenga nditaima, ndamaliza nditakhala pa sitepe.

Chonde musalandirenso kanthu kwa munthu aliyense wotchula dzina langa. Zimene mwalandira kale mubweze sabata ino. Pepala lija limati ine kapena wina aliyense m'malo mwanga. Sindinalembe zonse chifukwa sindinaganize kuti mjomba wanga adzalisanthula ngati loya. Kuwalozera anthu kuno n'kwabwino, pitirizani, koma muziwauza kuti ndi zaulere kuno ndi kwanuko komwe.

Mayi Chimwaza sindinawauze. Ndayesa kawiri, ndalephera. Ndiwauze bwanji kuti mpunga anawonjezera uja unali wa mayi a Elliam? Mukabweza ndidzawauza zonse pamodzi.

Amayi, iyinso muwawerengere katatu.

Zulfa


Mposa
21 Julayi 2024

Zulfa,

Asalaamu aleikum. Ife tili moyo, ngati ukufuna kudziwa. Sabata zitatu osalemba. Dailesi naye sakuoneka, akuti ali ku Ntaja kudwazika mayi ake, koma munthu wofuna kulemba sasowa wompatsira. Ndati mwina ntchito yachuluka chifukwa cha anthu amene ndikukutumizira, ndiye ndakukhululukira. Ndiponso chete wakoyo ndamumva. Ukanakhala ndi mawu pa za tambala ukananena. Woyankhula mlandu akapanda kutsutsa ndiye kuti wavomera, zimenezo ngakhale kuno timazidziwa.

Amene akupatsa kalatayi ndi Che Ayub, a sitolo ya zitsulo ku Liwonde. Uwalandire bwino. Munthu wolemekezeka, ndevu zosamalika, nsapato zopukuta. Anabwera dzulo pa njinga yamoto, kumbuyo atamanga mbuzi. Yaikazi, Zulfa, yoyera, ya mawanga akuda m'khosi, yonenepa moti njinga inkapendekeka. Ndinawapatsa mpando wanga uja, n'kufunsa kuti mwana wathu wakuchitirani chiyani? Anati, "Akugwira nkhani yathu ya chigayo chimene anasiya malemu mchimwene wanga ku Balaka. Ndati ndidzaone akuluakulu ake, kuti aigwire ndi mtima wabwino." Ndinati mtima wabwino ndi wa kumtundu kwathu, musade nkhawa.

Mayi ako akuti awa asiyana ndi ena aja, abwera nkhani isanathe. Ine ndati wothokoza msanga ndiye wokhulupirira kwambiri. Ena amadikira aone kaye, awa sanadikire. Tsono usawachititse manyazi, nkhani yawo uiike pamwamba pa zinazo. Iwo eni ndi amene anapempha kuti ndilembe kalata yoti mbuzi yafika, kuti pasakhale kukayikirana. Ukuona kulongosoka kwake.

Ulembe, ngakhale mizere iwiri.

Mjomba wako,
Mahmudu


Balaka
23 Julayi 2024

Amjomba,

Moni. Kalatayi wabweretsa ndi Elliam. Malinga ndi kalata yanu, ndiye kuti yanga ya pa 2 Julayi ili ku Ntaja m'chikwama cha Dailesi. M'menemo ndinakupemphani kuti mubweze zonse, musalandirenso. Sindinali chete.

Che Ayub anafika dzulo m'mawa, benchi itadzaza. Amjomba, ife sitikuthandiza Che Ayub. Tikuthandiza Yasmin, mkazi wa malemu mchimwene wawo. Che Ayub anamulanda chigayo masiku makumi anayi a maliro asanakwane, n'kumusiya ndi ana atatu opanda podyera. Mapepala a Yasmin ndimalemba ndine, ndipo iye anali pabenchi pomwepo.

Che Ayub sanabwere patebulo langa. Anaima pakati pa chipinda, kalata yanu m'mwamba, n'kunena mokweza kuti, "Loya wa alamu anga ndi uti? Amjomba ake alandira mbuzi yanga, umboni ndi uwu." Sankafuna kuti ndiwathandize. Ankafuna kuti Yasmin amve, ataye mtima, asiye mlandu. Yasmin anandiyang'ana kamodzi, anabereka mwana n'kutuluka.

Mayi Chimwaza anandiitanira mkati n'kundiuza kuti nditsegule kalatayo, ndiwerenge mokweza. Ndinawerenga zonse, mawanga a m'khosi omwe. Kenako ndinaulula za tambala, nkhuku ndi mpunga. Anafunsa kuti ndinadziwa liti. Nditati pa 2 Julayi, anavula magalasi. Anati, "Za amjomba ako ndingazimve. Koma iwe wakhala nane mu ofesi muno sabata zitatu."

Andiimitsa. Lachitatu pa 31 adzagamula ngati andichotse n'kulembera kuyunivesite. Akatero kalata ija palibe, ndipo ngakhale kuloledwa kuima m'khoti ndikadzamaliza kungadzavute.

Bwezani zonse, muyambire mbuziyo. Sindikukalipa, ndatopa chabe.

Zulfa


Mposa
28 Julayi 2024

Zulfa mwana wanga,

Salaam. Za thanzi zisiye, palibe amene akudya bwino pakhomo pano. Makalata ako afika onse awiri tsiku limodzi, ya Elliam m'mawa, ya Dailesi masana. Mayi ako anandiwerengera ya Elliam kamodzi kokha, sindinapemphe kachiwiri.

Munthu uja anandipusitsa pakhonde panga, atakhalira mpando wanga. Zaka makumi anayi ndimamva bodza munthu asanatsegule pakamwa. Tsiku limenelo ndinkayang'ana mbuzi.

Ndayamba kubweza. Kulandira kunali kwa pakhonde, kubweza n'kwa miyendo. Mbuzi ndinapita nayo ndekha ku Liwonde Lachinayi, pa matola, itandikhalira pamiyendo. Anthu m'galimotomo akuti, "Che Mahmudu, akazi atsopanowo simutidziwitsa?" Ndinangoyang'ana msewu. Ndinakaimanga pa chitseko cha sitolo yake dzuwa lili pamutu, n'kuitana telala woyandikana naye ndi mayi wa makala kuti aone. Ayub anati sakundidziwa. Mbuzi yokha ndiyo inamudziwa, inamulirira.

Kovuta kunali kwa mayi a Elliam. Atandiona ndi tambala uja, ndi thumba la mpunga wanga wolima ndekha, anakhala pansi pabwalo n'kuyamba kulira kuti boma lasintha maganizo, mwana wawo akubwerera kundende. Kwathu kuno mphatso ikabwerera ndiye kuti nkhani yawonongeka, iwe ukudziwa. Ndinakhala pamenepo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kufotokoza kuti kuli thandizo lina losafuna kuthokoza kwa m'manja. Ndinafotokoza bwino kwambiri moti pena ndinayamba kukhulupirira ndekha. Nyumba zinazo chimodzimodzi, kulira komweko, kufotokoza komweko. Nkhuku imodzi tinali titadya kale, ndiye ndapereka yathu ya mazira ija. Mayi ako akulemba, koma sakundiyankhula.

Lachitatu ndikubwera. Usandiletse, kalata yoletsa idzandipeza ndili m'njira. Mlandu uwu ndi wanga, ndipo sindinatumepo mwana kukandiyankhira. Uwauze mayiwo asunge nthawi yokwanira.

Mjomba wako,
Mahmudu


Balaka
6 Ogasiti 2024

Amayi,

Asalaamu aleikum. Ndikhulupirira muli bwino, ndipo mwayambanso kuyankhulana ndi achimwene anu. Pofika lero akuuzani kale nkhaniyi kangapo, ndipo ndikudziwa kuti ikukula tsiku lililonse. Iyi muwerenge nokha, ndiyo yoona.

Amjomba anafika Lachitatu lija naini koloko atavala mkanjo wawo wa pa chikondwerero. Mayi Chimwaza anawapatsa mpando, iwo anakhala pa simenti, akuti sanabwere ngati mlendo. Mayi anati ali ndi mphindi makumi awiri. Amjomba anati zikwana kuperekera moni.

Sanayambe ndi za ine. Anapempha kuti Yasmin aitanidwe, ndipo anadikira ola lathunthu mpaka Elliam atakamutenga pa kabaza. Atalowa, amjomba anayankhula naye m'Chiyao, motsitsa mawu. Anati, "Mwana wanga, ndinasunga mbuzi ya munthu amene analanda chakudya cha ana ako. Inagona m'khola mwanga masiku asanu. Mtsikanayu sanadziwe. Ukafuna kukwiya, nkhope yake ndi ino." Yasmin anakhala pansi.

Kenako anafotokoza za tsiku la mbuzi, ndipo mukuwadziwa, sasiya kanthu: mtundu wa njinga, nsapato za Che Ayub, mawu onse mmene anatulukira. Atafika poti "chigayo chimene anasiya malemu mchimwene wanga", Mayi Chimwaza anakweza dzanja, anati abwereze. Anabwereza chimodzimodzi, mpaka kutsokomola kwa Che Ayub pakati pake. Amayi, m'mapepala a kukhoti Che Ayub analumbira kuti chigayocho ndi chawo, anagula okha, malemu anali wantchito chabe. Mawu omwewo ali m'kalata munalemba inu ija, ndipo ine ndinaiwerenga mokweza osawaona chifukwa cha mantha. Mayi nawonso akuti tsiku limenelo anangomva za mbuzi.

Anafunsa amjomba ngati angakanene zomwezo pamaso pa majisitireti. Anati angakanene ngakhale pa wailesi. Kenako anafunsa kuti mboni imalandira chiyani. Mayi anati palibe. Amjomba anati, "Ndinadziwa. Ofesi ino ndaizolowera."

Za ine anagamula chonchi. Pa mlandu wa Yasmin andichotsapo, wapita kwa mnzanga. Ntchito ndipitiriza, ndipo kuyunivesite salembako. Koma m'kalata ya kumapeto adzalembamo zonse, ndi sabata zitatu zimene ndinakhala chete zomwe. Anati loya aliyense amalakwa, amene iwo amamuopa ndi wobisa, ndipo ndi mwayi kuti ndaphunzirira pa mbuzi osati pa nyumba ya munthu. Kaya a m'tauni akadzawerenga zimenezo adzati chiyani. Ndinalira pang'ono, koma ndinavomera.

Potuluka amjomba anatembenuka pakhomo n'kufunsa mwaulemu kwambiri ngati mpunga uja unapsa bwino. Mayi Chimwaza anayang'ana pawindo. Anati unapsa.

Mwana wanu,
Zulfa


Mposa
8 Sepitembala 2024

Zulfa,

Wa aleikum salaam. Tili bwino, mayi ako ayambanso kundiyankhula, ngakhale amasankha mawu. Kalata yako yochokera ku Zomba yafika, ndipo ndaimva kanayi. Ndiye kuti Mayi Chimwaza analemba, anatumiza, ndipo maloya a ku Blantyre akuti ukamaliza chaka chamawa upite ukayambe. Alhamdulillah. Ukuti pokufunsa mafunso anatha theka la ola pa nkhani ya mbuzi ndi mmene unavomerera kulakwa, za malikisi anangodutsa. Sindikufuna kudzitama, koma uganizire wekha kuti mbuziyo anailandira ndani.

Kukhoti ndinapita. Ndinakonzeka sabata ziwiri, ndikuyeserera kumunda, mbalame zokha ndizo zinamva. Poyambira ndinali napo, pokwera mawu ndinali napo, pomuyang'ana Ayub m'maso ndinali napo. Tsikulo atangondiona pabenchi ananong'oneza loya wake, anatuluka, pobwera anapereka makiyi a chigayo kwa Yasmin. Majisitireti anatseka buku. Sindinayankhule ngakhale liwu limodzi. Munthu ameneyu wandilakwira kawiri.

Sabata yatha kunabwera amjomba ake a Yasmin, nkhuku ziwiri m'manja. Ndinawaonera patali, n'kukalowa m'bafa. Ndinakhala m'menemo mpaka miyendo inachita dzanzi, ndikumva mayi ako akuwafotokozera za ulere. Nkhukuzo zinali zazikulu, ndinaziona pa mpata wa udzu. Usadzanene kuti mjomba wako sanakuvutikire.

Koma panali chimodzi chimene chinkandilemera mumtima. Mayi Chimwaza anakusunga pamene akanatha kukutaya. Ife a mbumba ino tingokhala chete ngati anthu osaleredwa? Malamulo anu ndawamva tsopano, ndiye ndinachita mwadongosolo. Ndinadikira kalata ilembedwe, itumizidwe, iyankhidwe, kuti wina asadzati ndinagula. Kwa mayiwo sindinapite, ndikudziwa sangalandire. Ndinatuma Dailesi afufuze mumsika, ndipo anapeza kuti kwawo ndi ku Utale, amalume awo alipo, a Fabiano, katekisiti wopuma.

Ndinapita Lachinayi ndi tambala wanga weniweni, woswedwa pakhomo pano, palibe angamuloze. A Fabiano analandira ndi manja awiri. Munthu woleredwa bwino, Zulfa, kopemphera kokha ndiye tasiyana. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, tiyi tinamwa kawiri. Anandiuza kuti mwana wa mlongo wawoyo anamulera okha, anagulitsa ng'ombe kuti aphunzire, ndipo zaka khumi ndi zisanu wakhala akutulutsa anthu m'ndende, koma pakhomo pawo sipanafikepo ngakhale dzira. Woyamba ndine. Anagwetsa misozi.

Pondiperekeza anandigwira mkono n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Che Mahmudu, inuyo anthu odzathokoza aja anadziwa bwanji njira ya kwanu?"

Munthu wamkulu wotero sindikanamubisira. Ndinawafotokozera zonse kuyambira pachiyambi, pang'onopang'ono, ndipo anamvetsa msanga.

Uwerenge mwakhama.

Ndine mjomba wako,
Mahmudu